Vinyo ndi ndiwo: sabata imodzi m'minda ya mphesa ya ku Cape

Lachiwiri usiku, ku Wynberg

Ndafika bwino. Tinanyamuka pa Chileka m'mawa, tinasintha ndege ku Johannesburg, ndipo pamene timatera ku Cape Town nthawi inali itakwana 7 koloko madzulo koma dzuwa lili gwaa ngati 4 koloko ya kwathu. Achimwene anadzandichingamira ndi ana awo awiri. Wamng'onoyo, amene ndinamusiya ali kumsana, sanadikire n'komwe moni: "Azakhali, mwabweretsa chiyani?"

Kuti amene mukuwerenga mumvetse chimene chandibweretsa: ine ndimaphika pa maukwati ndi zinkhoswe ku Blantyre, ndipo ntchitoyi ndakhala nayo zaka khumi ndi ziwiri. Masiku ano eni ukwati ambiri amafuna kuti patebulo pakhale mabotolo a vinyo, ndipo funso loti tigule uti limagwera ine wophikane. Yankho langa lakhala limodzimodzi: gulani wofiira ndi woyera, anthu asankhe okha. Chaka chatha pa ukwati wina ndinaona mabotolo oposa makumi awiri atatsekulidwa, anthu alawa kamodzi n'kukankhira pambali. Ndalama za mwana wa eni zinathera m'ngalande. Mpunga ndi nkhuku yanga zinatha, koma mtima unandipwetekabe, chifukwa amene anapereka malangizo ndinali ine.

Achimwene akhala akuperekera zakudya mu lesitilanti kuno kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo pano ndi iwo amene amaima patebulo kulangiza alendo za vinyo. Anandiuza kuti, "Achemwali, mubwere mu February, nthawi yokolola, mudzaone ndi maso anu." Atenga tchuthi cha sabata yonse chifukwa cha ine.

Dera limene akukhala, Wynberg, dzina lake limatanthauza phiri la vinyo. Pamene ndikulembamu mphepo ikugwedeza mawindo ngati ikufuna kulowa. Akuti ndi mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imene kuno amaitcha Cape Doctor, ndipo alimi a mphesa amaidandaula ndi kuithokoza nthawi imodzi: imathyola nthambi zanthete, komanso imaumitsa chinyezi chimene chikanaoletsa mphesa.

Lachitatu, ku Constantia

Kuchoka pakhomo mpaka ku Groot Constantia sitinathe ndi mphindi makumi awiri zomwe. Munda wa mphesa umenewu anauyamba mu 1685 Simon van der Stel, amene pambuyo pake anakhala bwanamkubwa wa Cape, ndipo ulipobe, ukulimidwabe. Mumalowa pamsewu wa mitengo ikuluikulu ya oak, kutsogolo kwanu kuli nyumba yoyera mbee yofoleredwa ndi udzu. Ndinaima kuiyang'ana. Kwathu munthu akapeza ndalama chinthu choyamba ndi kusasula udzu n'kukhoma malata, koma kuno nyumba ya bwanamkubwa ili ndi denga la udzu, wodulidwa mosalala ngati tsitsi lometedwa dzulo.

Vinyo woyamba wa ku Cape anafinyidwa pa 2 February 1659, ndipo Jan van Riebeeck, mtsogoleri wa Adatchi oyamba kukhazikika kuno, analemba tsikulo m'buku lake. Ndiye kuti mwezi uno wa February ndi mwezi wake weniweni.

Phunziro loyamba linali la kalawidwe. Amakuthirirani pang'ono, tinene masupuni atatu. Mumayang'ana mtundu wake, mumazunguza tambula kuti fungo lidzuke, mumanunkhiza, mumamwa pang'ono n'kumuyendetsa m'kamwa monse, kenako mumalavulira m'kachidebe kamene kali patebulo. Kulavulako kunandithandiza, pakuti ine ndabwera kudzaphunzira, ndipo mutu ndikuufuna uli bwinobwino mpaka madzulo.

Mtsikana wotithirira anayamba ndi vinyo woyera wotchedwa Sauvignon blanc, n'kumatchula zipatso zimene akuti tizimva m'fungomo. Zambiri mwa izo sindinazionepo chibadwire. Ndinangoti duu. Achimwene anandigwira pamkono. "Musavutike ndi zipatso zawo, achemwali. Tsinzinani, mundiuze chimene mukumva inuyo." Ndinatsinzina. Kunabwera gwafa wosapsetsa, uja timathyola tili ana akadali wolimba, kenako udzu wongomwetedwa kumene, ndipo patali pang'ono jamu uja amamera yekha kuseri kwa khola. Nditanena, mtsikanayo analemba mawu akuti gwafa pakapepala kake n'kugwedeza mutu. Kuyambira pamenepo mantha anachoka. Mphuno imene imadziwa kuti nyemba zatsala pang'ono kupserera ili panja pa khitchini singalephere tambula ya vinyo.

Pomaliza anatipatsa vinyo wotsekemera wa mphesa za Muscat, amene anatchukitsa chigwa chino mpaka mafumu a ku Ulaya n'kumamuitanitsa. Napoleon ali mu ukaidi pa chilumba cha St Helena ankamutumizira vinyo wa ku Constantia. Mphesa zake amazisiya pamtengo mpaka zitafota, madzi n'kuchepa, shuga n'kutsala. Ndi wolemera ngati uchi, koma ali ndi kuwawasa kobisika kumene kumachititsa kuti asakukoleni. Achimwene akuti lamulo lake ndi limodzi: vinyo azitsekemera kuposa chimene mukudyera, apo ayi amamveka ngati madzi a mandimu. Ine maganizo anathamangira ku chigumu cha nthochi, chija chosachuluka shuga.

Sindingachoke pa Constantia osalemba za chipinda chimene chimafotokoza za akapolo. Minda iyi inalimidwa ndi anthu ogulidwa, ochokera ku Madagascar, ku India, kuzilumba za Indonesia ndi ku Mozambique. Ukapolo unathetsedwa kuno mu 1834, koma anthuwo anawasungabe m'manja mwa mabwana awo mpaka 1838. Nditawerenga dzina la Mozambique ndinakhala chete kanthawi. Njira zimene zinkatsikira kumadoko a kumeneko zinkayambira kumtunda, ku Zambezi ndi kunyanja kwathu. Ndinaganiza za munthu amene mwina ankati "madzi" ndi "moto" monga ndimanenera ine, atawerama pakati pa mizere yomwe ija ndinali kuijambula.

Pobwerera tinadzera kudoko la Hout Bay kukagula snoek yokazinga, nsomba yaitali ya mafuta ndi minga zazitali. Tinadyera kunyumba ndi botolo la Sauvignon blanc lozizira. Apa sipanafunike mphunzitsi. Chimene mandimu amachita pa chambo chokazinga, ndi chimenenso vinyoyu anachita: ukaluma nsomba mafuta amamata m'kamwa, ukamwa pang'ono m'kamwa mumayera, n'kufunanso nsomba ina.

Lachinayi, ku Stellenbosch

Tinadzuka 4 koloko. Stellenbosch ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Cape Town, ndipo achimwene ali ndi mnzawo amene amagwira ntchito m'nyumba yofulira vinyo pa munda wina kumeneko. Anati tikafike kusanache, chifukwa mphesa amathyola kukadali kozizira. Zikatenthedwa ndi dzuwa zimayamba kusasa zisanafike m'thanki.

Tinapeza anthu ali kale m'mizere, amuna ndi akazi, aliyense ndi sizasi yake ndi kireti. Manja awo amathamanga moti simungaone pamene adula. Kireti ikadzaza amaisenza paphewa n'kuthamanga nayo ku thirakitala. Mayi wina anandipatsa phava limodzi kuti ndilawe. Si mphesa zija timagula mu shopu, zikuluzikulu zopanda njere. Izi ndi zazing'ono ngati nthudza, khungu lake lokhuthala, njere zili tho, koma kutsekemera kwake kumaposa kwa nzimbe. Nditafinya imodzi yakuda bii pachala, madzi ake anatuluka oyera. Ndinadabwa. Mnzawo wa achimwene anaseka: kufiira kwa vinyo kumachokera m'makungu. Mukafinya n'kutaya makungu nthawi yomweyo, mupeza vinyo woyera. Mukawasiya maola ochepa, mupeza uja wofiirira pang'ono amati rosé. Mukawasiya masiku, mupeza wofiira.

Titalowa m'nyumba yofulira, fungo linandibwezera kumudzi. Amayi anga ankafulula mowa wa masese, ndipo ine ndinakula ndikudziwa kulira kwa mbiya imene ikuwira usiku. Kuno mbiya zake ndi mathanki a chitsulo otalika kuposa nyumba, koma kulira kwake ndi komweko, kuja kwa tchiii kosalekeza. Yisiti amadya shuga n'kumusandutsa mowa, mpweya n'kumakwera. Mpweyawo umakankhira makungu pamwamba mpaka apange chikhakha cholimba, ndipo anyamata awiri anali kuchikankhira pansi ndi mitengo yaitali, kangapo patsiku, kuti madzi atenge mtundu. Amayi akanakhala ndi moyo akanatenga mtengowo n'kuwaonetsa mmene amavundulira.

Ena mwa vinyoyo amamugoneka m'migolo ya mtengo wa oak ya malita 225, yambiri yochokera ku France. Tauni ya Stellenbosch, imene van der Stel anaiyambitsa mu 1679, yadzaza ndi mitengo ya oak moti amaitcha Eikestad, mzinda wa oak, koma mitengoyo imakula msanga m'nyengo yofunda ya kuno, thabwa lake n'kukhala lofewa, losasunga madzi. Choncho inatsala ya mthunzi basi.

Masana anatiwotchera nyama panja: soseji yotchedwa boerewors, nthiti za nkhosa, ndi pap wothira chakalaka, ndiwo zamasamba za tsabola. Pap wawo ndi nsima ndithu, kungoti ufa wake ndi wokhakhala ndipo sapakula mitanda ngati ife. Vinyo wake anali Pinotage, mtundu wa mphesa umene unabadwira konkuno mu 1925, pamene Abraham Perold, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Stellenbosch, anakwatitsa mitundu iwiri ya mphesa, Pinot noir ndi Cinsaut. Cinsaut masiku amenewo kuno ankaitcha Hermitage, ndiye dzinalo analitenga mbali zonse ziwiri.

Achimwene anati ndimwe kaye nyama isanafike. Ndinamwa. M'kamwa munauma ngati ndatafuna nthochi yosapsa, lilime linamata kumwamba. Ndinaika tambula pansi n'kunena kuti uyu ndiye amene anthu anamusiya pa ukwati uja. "Dikirani," anatero. Anandiikira nthiti ya mafuta, yothira mchere, yotentha. Nditadya n'kumwanso, zinali ngati andisinthira tambula. Kuuma kuja kunatha, kunabwera jambula wakupsa ndi kautsi pang'ono. Chimene chimaumitsa m'kamwa amachitcha tannin, chimachokera m'makungu ndi m'njere, ndipo n'chomwecho chimene timamva mu tiyi wa ku Thyolo akakhalitsa pamoto. Tiyi woteroyo timamuthira mkaka kuti afewe. Vinyo woteroyo amafewa ndi nyama ya mafuta ndi mchere.

Pamenepo ndinamvetsa cholakwa changa. Pa ukwati uja mabotolo ofiira anatsekulidwa anthu akudikira chakudya, m'mimba muli pululu, mu tenti yotentha ya mwezi wa October, vinyo naye atatentha ngati tiyi. Ndipo chakudya chitafika chinali nkhuku ndi saladi. Vinyoyo sanalakwe. Anangomuika pamalo osakhala ake, monga mungaike nsima patebulo popanda ndiwo n'kudabwa kuti anthu sakudya.

Madzulo tinayenda wapansi mu Dorp Street mpaka kumapeto kwake, kumene kuli sukulu ya ubusa ya Dutch Reformed Church, yotsegulidwa mu 1859. Ine ndinakulira mu mpingo wa Nkhoma Synod, ndipo amishoni amene anafika ku Mvera mu 1889 anatumidwa ndi mpingo womwewu wa kuno ku Cape. Abusa athu angapo anadzaphunzira pasukulu imeneyi. Ndinaima pageti ndikuganiza kuti mpingo umene unatiphunzitsa kuopa mowa likulu la maphunziro ake lili pakati pa minda ya mphesa. Sindikunena izi motsutsa. Ndaona zimene mowa wachita m'banja mwathu momwe, ndipo chenjezolo ndimalilemekeza. Koma zinandithandiza kuona kuti mpesa umene timawerenga m'Baibulo ndi mbewu yeniyeni, ya khasu ndi thukuta, yodulira nthambi nyengo yozizira kuti ibale.

Pobwerera achimwene anandiuza za Ntsiki Biyela, mayi wa ku KwaZulu-Natal amene anabwera kudzaphunzira za vinyo pa yunivesite ino asanalawepo vinyo, maphunziro ake ambiri ali m'Chiafrikaans chimene sankachidziwa. Anakhala mayi woyamba wakuda kuno kugwira ntchito yopanga vinyo, ndipo pano ali ndi vinyo wakewake amene anamutcha Aslina, dzina la agogo ake. Tagula botolo lake limodzi. Tikulisungira Lolemba.

Lachisanu, ku Franschhoek

Chigwa chokongola zedi, mapiri atachizinga mbali zitatu. Dzinali limatanthauza ngodya ya Afalansa, chifukwa mu 1688 kunafika anthu a ku France otchedwa Huguenots amene ankathawa kuzunzidwa pa nkhani za chipembedzo. Mayina a minda akadali a kwawo: La Motte, La Provence, Cabrière. Kuli kasitima kamene kamanyamula alendo kuchoka pa munda wina kupita pa wina, kuti womwa asagwire chiwongolero. Nzeru imeneyi ndaiyamikira.

Lero linali tsiku la vinyo wa thovu. Dzina loti champagne ndi la dera limodzi la ku France lokha, choncho wa kuno amamutcha Cap Classique. Woyamba anapangidwa mu 1971 ndi Frans Malan wa ku Simonsig, ku Stellenbosch. Kapangidwe kake: vinyo atawira kale amamuthira m'botolo pamodzi ndi shuga pang'ono ndi yisiti, n'kutseka. Amawiranso m'botolo momwemo, mpweya n'kusowa kothawira, n'kusungunuka m'vinyomo. Botolo limagona miyezi yambiri ndi nsenga za yisiti, ndipo ndi chifukwa chake limanunkhira ngati buledi wongotuluka mu uvuni.

Anatipatsa ndi oyster, nkhono za m'nyanja zimene amadya zosaphika. Ndinadya imodzi, ndipo ndinamva chifukwa chimene amaziphatikizira: zonse ndi za mchere ndi zozizira. Koma kwa alendo anga a ku Blantyre sizingathandize. Chimene chinandithandiza chinali mbale ya tchipisi imene achimwene anaitanitsa dala. Tchipisi cha mchere, chotentha, ndi thovu lozizira lowawasa. Thovulo limatsuka mafuta palilime. Nthawi yomweyo ndinaona masamusa, timapiko ta nkhuku ndi zitumbuwa zimene timayendetsa pa mbale alendo akudikira akwati. Ameneyu ndiye woyenera kutsekula poyamba.

Nkhomaliro inali bobotie, chakudya cha anthu a Cape Malay: nyama yogaya yothira kare ndi mphesa zouma, pamwamba pake dzira ndi mkaka, n'kuwotcha mu uvuni, kudyera mpunga wachikasu. Tinamwera vinyo woyera wa Chenin blanc wotsekemera pang'ono. Chenin ndi mtundu wa mphesa umene umalimidwa kwambiri m'dziko lino, ndipo akuluakulu akale ankautcha Steen. Zinagwirizana ngati mpunga ndi nyemba.

Mitengo ya zakudya m'tauni muno ndi ya alendo a ndalama zakunja. Ndinayang'ana m'lesitilanti monse: odya ambiri anali azungu, operekera ambiri anali akuda, ndipo mmodzi atamva tikulankhula anabwera kudzatipatsa moni m'Chichewa. Ndi wa ku Nkhotakota. Anakhala nafe mphindi ziwiri zokha, maso ali kumatebulo ake.

Pobwerera tinadzera msewu wopita ku Paarl, n'kuima pageti la ndende ya Drakenstein, imene kale inkatchedwa Victor Verster. Pageti limeneli ndi pamene Nelson Mandela anatulukira pa 11 February 1990. Pali chipilala chake atakweza chibakera. Sindinkadziwa kuti ndendeyi ili pakati pa minda ya mphesa.

Loweruka, ku Paarl

M'mawa tinapita ku munda wa mphesa wa Fairview chifukwa cha ana. Kumeneko kuli nsanja ya mbuzi, ya masitepe ozungulira, ndipo mbuzi zimakwera n'kumasuzumira pawindo. Amapanga tchizi cha mkaka wa mbuzi, choyera, chowawasa pang'ono ngati chambiko, ndipo chimayenda bwino ndi Sauvignon blanc. Pamwamba pa tauni pali mwala waukulu wosalala umene umanyezimira mvula ikagwa, ndiwo unapereka dzina la Paarl, kutanthauza ngale. Kuno ndi kumenenso kuli likulu la KWV, bungwe limene alimi anakhazikitsa mu 1918 ndipo kwa zaka zambiri ndi limene linkalamulira kuchuluka ndi mitengo ya vinyo m'dziko lonse.

Koma chimene ndatenga lero si chimenecho. Masana tinakacheza kwa amayi ake a mnzawo uja wa achimwene, gogo amene anabadwira pa munda wa mphesa n'kugwira ntchito pamenepo mpaka msana utakana. Anatilandira ndi tiyi ndi buledi wopaka jamu wa apricot. Nditawauza za ulendo wanga, anati iwo vinyo samwa, ndipo m'nyumba mwawo salowa. Anafotokoza za dop. Kale gawo la malipiro a antchito linali vinyo wotsika, womwe ankawathirira m'chitini kangapo patsiku, kuyambira m'mawa. Bambo awo analandira dop kuyambira ali mnyamata. Munthu wozolowera chitini chimenecho sachoka pa munda, sakangana za malipiro, ndipo Loweruka kunyumba kwake kulibe mtendere. Lamulo linaletsa mchitidwewu m'zaka za m'ma 1960, koma m'minda ina unapitirira mpaka m'ma 1990. Zipsera zake zikadalipo: chigawo chino ndi chimodzi mwa madera amene ali ndi ana ambiri padziko lonse obadwa ovulala ubongo chifukwa mayi ankamwa ali woyembekezera.

Gogoyo sananene kuti ndisiye zimene ndadzera kuno. Mwana wawo akudya za ntchito yomweyo ndipo amamunyadira. Anangoti, kudzera mwa mwanayo amene ankamasulira, ndikamathira vinyo pa maukwati anga ndizionetsetsa kuti mbale ili kale patebulo, ndiponso kuti mayi woyembekezera ndimupatse china. Ndinawalonjeza, ndipo ndalemba pano kuti amene mumandidziwa mudzandikumbutse.

Lamulungu

Tinapita kutchalitchi kumene Amalawi a kuno amasonkhana, nyimbo zonse za kwathu. Tikutuluka, alamu ananditengera kwa mayi wina amene amagulitsa zinthu zochokera kumudzi. Tapeza usipa, ufa woyera, therere ndi kambuzi. Nsinjiro ndi mfutso wa nkhwani ndinabwera nazo ndekha. Nyama ya mbuzi yagona mu mchere ndi adyo. Lero sindinalawe kanthu, lilime lipume.

Lolemba, kunyumba

Ili ndilo tsiku limene ndinadzera kuno. Sabata yonse ndakhala ndikudya za eni dziko, zimene vinyo wawo anakula nazo. Funso langa linali loti nanga ndiwo zathu? Achimwene anavomera kuti pa zaka zonsezi sanayesepo. Kuntchito amalangiza za nyama ya ng'ombe ndi nsomba za m'nyanja ya mchere, kunyumba amadya nsima ndi madzi.

Ine ndi alamu tinayamba kuphika 10 koloko. Mbuzi inakhala pamoto wochepa maola atatu ndi anyezi ndi tomato mpaka msuzi utagwirana. Nkhwani ndinaunyika, n'kuuphika, n'kutendera. Usipa ndinaukazinga kaye wouma kuti uchoke kuwawa, kenako tomato. Therere la soda. Kambuzi ndinamusinja ndi mchere ndi mandimu. Achimwene anandandalika mabotolo asanu: Cap Classique, Sauvignon blanc, Chardonnay woyera wa Aslina uja, Pinotage, ndi rosé wotsekemera wa Four Cousins, uja amapezeka m'mashopu a kwathu, amene alamu anaumirira kuti akhalepo. Pinotage anamuika m'firiji theka la ola. Akuti kumalo otentha vinyo wofiira naye amafuna kuzizira pang'ono, ndipo zimenezi ndazilemba ndi zilembo zazikulu.

Nsima payokha siikangana ndi vinyo aliyense. Nkhani yonse ili pa ndiwo, monga mwa masiku onse.

Tinayamba ndi usipa. Ndi Pinotage zinaipa kwambiri: m'kamwa munamveka chitsulo, ngati wanyambita msomali wa dzimbiri. Mafuta a nsomba zotere sagwirizana ndi vinyo wofiira wouma. Ndi Sauvignon blanc usipa unadzuka, tomato naye anamveka bwino. Ndikhulupirira kuti chambo, utaka ndi matemba zidzatsata njira yomweyo.

Mbuzi ndi Pinotage sizinatidabwitse, tinadziwa kale kuyambira Lachinayi. Koma zinaposa nthiti za nkhosa zija, chifukwa msuzi wogwirana uja unakumana ndi kautsi ka vinyoyo. Achimwene anadya chete, kenako anapempha mtanda wina.

Therere linakana onse. Soda amapha kuwawasa kwa vinyo, ndipo kuterera kwake kumaphimba lilime moti simumva kanthu. Cap Classique yekha ndiye anayesako, thovu lake linadula kutererako pang'ono, koma sindingauze munthu kuti awononge botolo lotero pamenepo. Therere lizidyedwa ndi madzi monga tinalipezera.

Kambuzi anatiphunzitsa china. Nditathira pa mbuzi n'kumwa Pinotage, moto unawirikiza, misozi inalengeza. Vinyo waukali amakolezera tsabola. Alamu anangotenga rosé wawo wozizira n'kundithirira. Moto unazima pang'onopang'ono, kukoma kwa kambuzi kunatsala. Achimwene, amene kuntchito botolo limeneli salitchula, analawa n'kuvomera pamaso pa akazi awo. Amalawi ambiri amakonda vinyo wotsekemera, ndipo pali ena amene amawanyoza kuti sadziwa vinyo. Munthu amene amathira tsabola pa chilichonse, lilime lake linasankha bwino.

Nkhwani wotendera ndinausiya pomaliza chifukwa ndi ndiwo imene ndimaikonda kuposa zonse, ndipo ndinkaopa kuti ikana ngati therere. Ndinatema nsima, n'kusunsa, n'kudya, kenako n'kumwa Chardonnay uja. Mafuta a nsinjiro anakumana ndi kulemera kwa vinyoyo, ndipo pansi pake panatuluka kafungo ka mtedza wokazinga kamene sindinakamve pomwa vinyo yekha. Kuwawasa kwake kunabwera pambuyo n'kutsegula njira ya mbamu ina. Ndinamwanso kuti nditsimikize. Ndinapatsira achimwene tambula osanena kanthu.

Analawa, n'kuyang'ana mbale ya nkhwani nthawi yaitali. Kenako anadzuka, n'kukatenga kabuku kakuda kamene amalembamo za vinyo wa kuntchito, kodzaza ndi mayina a Chifalansa. Anatsegula tsamba latsopano n'kulemba pamwamba kuti "nkhwani wotendera". Anandifunsa kuti nsinjiro ndimathira zochuluka bwanji, ndipo ndimathira nthawi yanji.

Mfutso wotsala ndawasiyira alamu. Ndege yanga ndi ya mawa 6 koloko m'mawa, ndipo mabotolo awiri ndawakulunga kale m'zitenje pakati pa sutikesi. Ukwati wotsatira uli mu April, ku Chigumula, ndipo mayi a mkwatibwi akudikira yankho langa pa WhatsApp kuyambira Lachisanu.